Mpando Wanga Wapita ku Masvingo

Lolemba, 6 Ogasiti
Pepani zilembo zokhotakhota ngati mopalasa nkhuku, sukulu ndinalekezera Sitandade 4. Koma nkhani ilipo! Loweruka ndikukaona makoma amiyala a ku Zimbabwe, aja aphunzitsi anatisonyeza pa chithunzi kwathu ku Dedza. Omanga popanda simenti! A Mwale, makaniko mnzanga kuno ku Broadhurst, m'dziko la eni, anabadwira ku Masvingo, pafupi ndi makomawo, akupita kwawo pa galimoto. Akuti, "Mpando wakutsogolo ndi wako, shamwari." Nanga khomalo likasankha tsiku lomwelo kugwa?

Lachiwiri
Pasipoti ili m'thumba, ndikuyigwira pafupipafupi. Ndauza munthu mmodzi yekha, Mayi Phiri a kwaya, kuti andipempherere.

Lachitatu
Dera lathu lonse la Block 6 lamva! Ku Zimbabwe m'masitolo mulibe kanthu, ndiye aliyense ali ndi m'bale kumeneko. Pakhomo panga pafika shuga, sopo, makandulo, mpunga. Aliyense akuti, "Kaphukusi kakang'ono, achimwene." Kukana ndikulephera. Ndingayambe bwanji, anthu akugwada?

Lachinayi
Mafuta ophikira, zigubu zikuluzikulu. Bambo wina wa ku Kopong, sindimudziwa n'komwe, wangoti "dumela rra", moni wa kuno, n'kusiya matilesi. Ndikuopa apaboda andiyesa wageni. Ndikuopanso njoka za m'miyala.

Lachisanu
Tikupakira. Kumbuyo kwadzaza, pamwamba padzaza, galimoto yakhala pansi ngati nkhuku yofungatira. A Mwale akuizungulira, akukanda mutu. "Zonsezi wavomera ndiwe?" Ndine. Akuti chikwama changa ndichinyamule pamiyendo. Palibe vuto, bola maso akhale panja.

Loweruka
Mayi Phiri afika mamawa ndi zigubu zina, za amayi awo odwala. Akupukuta misozi. Malo otsala ndi amodzi basi. A Mwale ayang'ana ine, ayang'ana zigubu. "Iwe uli ndi miyendo, mafuta alibe." Ndatsika ndekha. Mafutawo lamba wapampando ndawamangira ndine, kuti asatayike pa mabampu. Ndabayibitsa mpaka pakona.

Lamlungu
Ndili m'nyumba, makatani otseka. Kutchalitchi sindingapite, akundipempherera monga wapaulendo. Pofika pano mafuta adutsa Bulawayo, aona dziko kuposa ine. A Mwale akuti tidzapita pa Khirisimasi, koma pa Khirisimasi m'pamene anthu amatumiza katundu weniweni. Makoma sindinawaone. Matilesi sanakwane, ali pano atsekereza chitseko, ndipo mwini wake dzina sindimudziwa.