Tsiku limene ndinalawa manda a Che Amidu

Nkhani iyi ndinkafuna idzawolere m'mimba mwanga, koma poti ana a ku Utale ayamba kuikamba mokhotakhota, bola ndiikambe ndekha mwini manyazi.

Chaka chimene mbuzi zanga zinatha ndi matenda, mtima unandilemera. Ine wakuba njombwa, timiyala ta bawo, anthu akuona, ndinangodzitsekera m'nyumba, osadya, osasamba. Mkazi wanga, mayi a Esinta, ananditengera kuchipatala ku boma, n'kundipatsa timapiritsi tomwa tsiku ndi tsiku. Tinandithandiza, sindinama. Koma mayiwo ndinawalumbiritsa kuti asauze munthu, angamati ndine wamisala.

Zaka zikupita, timapiritsi tija tinaonetsa msana wake. Mwezi wa njala anzanga akuboola malamba, ine shati osatsekeka. Thukuta ngati ndikutsitsa matumba m'lole. Choopsa, misozi inauma. Achimwene anga atamwalira ndinakhala pasiwa maso gwa, kumangoyasamula. Chisoni ndinkachiona ndithu, koma patali, ngati moto wa kutsidya kwa Shire. Ndinayesapo kusiya kumwa, m'mutu n'kumachita ngati mawaya a magetsi akugundana, adokotala n'kundikalipira.

Tsono ganizani nokha: munthu wonenepa m'njala, wosalira pamaliro. Kwathu ameneyo timadziwa nyama imene amadya. Ndikadutsa pamjigo azimayi ankangoti zii. Ndipo ine ndine mkamwini. Atsibweni a mkazi wanga, a Jailosi, atangotsokomola kamodzi, ndiye kuti ndanyamula kachikwama, banja latha.

Atamwalira Che Amidu, wogulitsa matemba ku Kalembo, mnzawo wa a Jailosi, ndinapanga pulani. Ndinathyola tsabola wa kambuzi wofiira, n'kumufinyira m'dzanja, ulendo. Zoti kwa Asilamu amuna salira mokuwa ndinkadziwa. Ine ndinkangofuna timadontho tiwiri, a Jailosi aone kuti ndine munthu.

Kumanda tinafika dzuwa lili paliwombo, koma pansi pa mitengo ija pankazizira. Mbalame osamveka. Thupi linali pambali mu sanda yoyera, dzenje lili yasa, ashehe akuwerenga chapansipansi. Kamphepo kanabwera kokhakokha, kanatukula nsonga ya sanda, n'kuibwezera mwaulemu.

Ndinaima kutsogolo, pafupi ndi a Jailosi. Ndinakhudza kona ya diso ndi chala. Palibe. Kenaka thukuta langa lija linatsika, ine n'kuiwala, n'kupukuta nkhope yonse ndi dzanja lomwelo.

“Mayo ine!”

Ashehe anasiya kuwerenga.

“Akamwini, n'chiyani?” ananong'ona a Jailosi.

“Chisoni, bambo.”

“Munkadziwana nawo?”

“Matemba awo,” ndinatero, mamina ali chuu.

“Khalani pansi, mukutichititsa manyazi.”

Pansi pake ndinali ndisakupaona. Ndinaponda dothi lofewa, phazi linapita, thupi lonse lonenepali linatsatira.

M'menemo ndi mozizira, abale. Fungo la dothi lonyowa, phokoso la dziko lonse lazima. Pofufuza pogwira, mkono wanga unalowa m'kachipinda kam'mbali kamene amagonekamo mwini wake. Ndinamva ngati kakundiyeza. Kumwamba kunali chete, moti ndinkamva dothi likugwa kambewu kamodzikamodzi paphewa panga.

Nditadzuka n'kusuzumira kunja, nkhope inali katondo yekhayekha, maso ofiira ngati makala, dovu likutsika. Mkulu wina ananena mawu m'Chiyao, anthu n'kubwerera m'mbuyo onse pamodzi. Wina anasiya silipasi imodzi pomwepo.

Ndinaona kuti banja lija likupita. Ndinapisa m'thumba, n'kukweza kapepala ka mapiritsi m'mwamba, ine ndili m'dzenje mpaka m'khosi.

“Iyayi, abale, si ufiti! Ndi mankhwala a kuchipatala awa. Ndi amene andinenepetsa, ndi amene anaumitsa misozi. Lero ndapaka tsabola basi.”

A Jailosi anasendera, n'kunyonyomala m'mphepete mwa dzenje.

“Za mapiritsizo mudzi wonse ukudziwa,” anatero mosakweza mawu. “Mayi a Esinta anatiuza chaka chomwecho, kuti tizikulezerani mtima.”

“Nanga azimayi a pamjigo, kundikhalira chete?”

“Munawagulitsa chimanga cha m'nkhokwe chonyika mu utoto, mukuti ndi mbewu ya haibulidi.”

“Ndiye za ufiti?”

“Palibe anaziganizapo.” Anayang'ana maso angawo, n'kuyang'ana kachipinda kaja. “Mpaka lero. Tatulukani m'nyumba ya eni, mwini wake akudikira.”

Banja lilipo, adokotala anandichepetsera mlingo, koma ndikadutsa pamjigo masiku ano azimayi sakhalanso chete, amanyamula ndowa zopanda madzi n'kumapita.

Misozi yobwereka kwa tsabola silira maliro, imalira mwini maso.