Ndinaphoda munda kuti ujambulidwe

Pali zinthu zina ukachita, ngakhale agalu a m'mudzi amakuyang'ana mwachisoni. Zanga zinandionekera kuchikamwini, kufupi ndi Thuchila.

Alangizi a zaulimi anatiitanitsa n'kutiuza kuti kumwambaku kuli makina otchedwa satelayiti amene amajambula minda, ndipo pa zithunzizo amasiyanitsa nthaka yachonde ndi yoguga. Munda umene apongozi anga aakazi anandipatsa ndi mchenga wokhawokha (ngakhale chinangwa chimamera monyinyirika), koma iwo ankauza anthu kuti nthaka ilibe mlandu, waulesi ndi mkamwini. Ndipo kwathu kuno mkamwini akatchuka ndi ulesi, chotsatira n'kulongedza.

Ndiye ndinaganiza kuti ngati munthu amadzola asanajambulidwe, munda ulekerenji? Ndinabwereka wilibala n'kuyamba kututa dothi lakuda kudambo, pamalo pamene ndinkaona ngati palibe mwini wake. Ndinkapita anthu akakhala kutchalitchi (Mulungu andikhululukire), n'kumaliwaza mopyapyala pamizere ngati shuga paphala. Mkazi wanga Esinati atafunsa, ndinamuuza kuti ndi ulimi wamakono. Munda utada bii, ndinkavala shati yoyera n'kukaima pakati pake nkhope ili m'mwamba, kuti nanenso nditulukemo bwino.

Tsiku limene alangizi anabwera, mudzi wonse unawatsatira, apongozi ali pambuyo. Anatambasula mapu, ndipo munda wanga unali wotuwa mbuu. Ndinatsutsa mokweza kuti makina awowo ali ndi ng'ala, aone okha dothi lili pansili. Mlangizi anafotokoza mofatsa kuti zithunzizo zinajambulidwa chilimwe chatha, ndipo iwo abwera kudzatsimikiza. Anazika chitsulo chake chobowolera nthaka. Chinatuluka ndi kadothi kakuda pamwamba, pansi pake mchenga woti n'kumangira nyumba. Anayesa pena, chimodzimodzi. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi, ine manyazi atandigwira.

Apongozi anatapa dothilo, n'kulitikita m'manja, ndipo anapezamo timitu ta anyezi. Mwamwambo salankhula nane maso ndi maso, choncho anatembenukira kwa mwana wawo.

"Iwe Esinati, auze amuna akowa kuti ndakhala ndikutukwana oumba njerwa pachabe. Dimba langa labwera kuno pa wilibala. Aliperekeze kwawo."

Ndinaliperekezadi, ndikupala ndi khasu mzere ndi mzere, ana akuimba nyimbo pambuyo panga. Kulongedza sindinalongedze. Apongozi anagamula kuti munthu wotha kusamutsa munda wonse si waulesi, choncho kuyambira pamenepo dimba lija ndimalima ndine, anyezi n'ngawo.

Esinati amandifunsa ngati ndinaphunzirapo kanthu. Ndinaphunzira ndithu: usanagwire wilibala, yamba wafunsa tsiku lojambula.