Munkoyo wa Ambuya Pakati pa Lusaka ndi Dubai

Fwoooo! Mpaka lero ndikamva mkokomo wotero ndimagwira lamba wa thalauzi.

Ndimagulitsa m'shopu ya amake Tamara pamsika wa Rufunsa. Chaka china anati ndiwaperekeze ku Dubai kukanyamula katundu, poti ine sindilankhulalankhula ndipo maso anga sachoka pa chikwama. Ndinafunsa kutalika kwake. Iwo anangoti, "Ni patali, koma ndeke ithamanga." Ine ndinawerengera ndekha kuti ngati minibasi ifika ku Lusaka dzuwa lisanakwere, ndege ifika ku Dubai tiyi asanazizire.

Ambuya, amene anandilera makolo anga atamwalira, anandipangira kamba: chigubu chodzaza munkoyo, chakumwa chathu chonga thobwa. Pabwalo la ndege wachitetezo anachikana.

"Ichi sichikwera, bakamba. Tayani kapena imwani."

Kutaya munkoyo wa ambuya? Ndinaima pambali n'kuumwa wonse (ndi masese omwe).

Mpando wanga unali wa pawindo. Pambali panga panakhala bambo wina wamkulu thupi amene anagona tisananyamuke. Amake Tamara anali kutsogolo kwenikweni. Munkoyo unayamba kugogoda ndege itangolowa m'mitambo. Sindinade nkhawa. Paulendo uliwonse umene ndinayendapo, dalaivala amaima pa Chinyunyu kapena pathengo lililonse, amuna uku, akazi uko.

Maola awiri anatha osaima. Pagalasi la kutsogolo kwanga panali mapu ndi kandege kakang'ono. Ndinakayang'anitsitsa. Kanali kasanachoke ndi mu Afirika momwe, kakukwawa ngati nkhono.

Mtsikana wogawa zakudya atafika ndinamunong'oneza m'Chingelezi changa cha kusukulu kuti tiima pati.

"Ku Dubai," anatero akumwetulira.

"Nanga pakati apa?"

"Pakati apa pali nyanja, bambo."

Ndinaona anthu akudzuka kupita kumbuyo, koma ndinkaganiza kuti akukacheza ndi abale awo. Ndinapinda miyendo. Ndinaimba nyimbo zonse za kwaya mumtima. Kudzutsa munthu wamkulu ali m'tulo sindinaphunzire kwathu, choncho ndinayesa kumudumpha mwaulemu. Ndege inagwedezeka, ine khu! pamimba pake.

"Iwe, ni chani?"

"Munkoyo, atate."

Anandimvetsa msanga, anali wa ku Petauke. Anandilozera kachitseko kumbuyo. "Thamanga mwana wanga, usatichititse manyazi kumwamba kuno."

Ndinafika nthawi yake (tisafunsane zambiri). Mtima utakhala pansi ndinadina kabatani kuti madzi atsike. Fwoooo! Ndinadziwa kuti ndaboola ndege. Ndinatuluka liwiro, thalauzi nditagwira m'manja, ndikukuwa kuti, "Amake Tamara, taphulika!" Ine amene kumsika amanditcha bubu, wosalankhula.

Ndege yonse inatembenuka. Amake Tamara anadzifunditsa chitenje kumutu ngati sandidziwa. Bambo wa ku Petauke anaseka mpaka kutsokomola, ndipo pamapu paja panali patatsala chigawo chachikulu choti andisekerebe.

Ndinakhala pansi n'kulumbira kuti sindidzayezanso ulendo wa ndege ndi minibasi, ndiponso kuti pakamwa panga sipadutsa kadontho mpaka Dubai. Ndili m'malumbiro omwewo, mtsikana uja anafika. Anandipatsa lamba wanga amene ndinamusiya kuchimbudzi, anaika kapu yodzaza madzi patsogolo panga, n'kupitiriza ulendo wake.