Marizevu a Bwana Zulu

Lolemba
Ndakwezedwa! Mzungu wosunga mabuku wabwerera kwawo, ndipo Bwana Zulu, eni holoselo yathu, akuti ndisiye kunyamula matumba ndikhale pa desiki lake. Mpando wake ndi wozungulira! Akuti: "Lachisanu kubwera wa misonkho. Ulekanitse marizevu ndi mapulovishoni, tidziwe kapito ya kampani." Ndikuvomera mokweza, ngati pa perete. Mawu onsewa sindikuwadziwa. Ndifunse? Tayi ali pakhosi? Ayi.

Lachiwiri
Mkazi wanga, amake Dalitso, auza komboni yonse ya Chililalila kuti tikusamukira kumayadi, ku Highridge. Ine ndikutsegula mabuku a mzungu, ndikutseka. Zomwe ndikudziwa:
Rizevu: wampira wodikira pa benchi.
Rizevu: kumiyala kuja atsamunda anakankhira agogo.
Pulovishoni: kaya.
Mutu ukuwawa. Ndazungulira pampando mpaka chizungulire.

Lachitatu
Mulungu sagona! Popita kuntchito ndikuona mawu aja oti mapulovishoni pa chikwangwani cha golosale ya Mmwenye. Ndikusuzumira: machesi, makandulo, mchere. Basi! Mapulovishoni ndi katundu wa pa shelefu. Ndiye marizevu ndi katundu wodikira pa benchi. Tili naye! Uja a bwana amatiuza kuti tibise kuchipinda chakumbuyo: mafuta ophikira a saladi, shuga, sopo, zomwe Kabwe yonse ikuzifolera osazipeza. Anthu amapitira ku koleji zimenezi?

Lachinayi
A bwana ali ku Lusaka. Tsiku lonse ndili kumbuyo, kusesa, kupukuta zitini, kusanja makatoni. Pachitseko ndalemba ndi choko: MARIZEVU. Ba Chanda, mayi wotaipa makalata, akufunsa: "Ba akauntanti, nanga mabuku?" Ndikuwayankha kuti aliyense aziona za ntchito yake. Ndi mawu anga amenewo. Ine ndemwe.

Lachisanu

Wa misonkho wafika, Ba Mulenga, munthu waulemu, ndi dalaivala wake. Akupempha mabuku. Ine: "Bwerani mudzadzionere ndi maso." Ndikutsegula chitseko chonse, gwaa! Saladi kuwala mpaka kudenga.
Ba Mulenga akuyang'ana makatoni, akuyang'ana ine.
Kenako akundilankhula pang'onopang'ono, ngati kwa wodwala: "Bambo, rizevu ndi phindu limene eni kampani sanagawane, alisunga. Limenelo limawerengedwa mu kapito. Pulovishoni ndi ndalama yopatulira ngongole kapena kuluza kumene mukudziwa kuti kukubwera. Imeneyo si kapito. Zonsezi zimakhala m'mabuku, osati m'makatoni."
Ndikutembenuka. A bwana aima pakhomo, chipewa m'manja, kukamwa yasa.
Ba Mulenga akuti za makatoni si za ofesi yawo. Koma dalaivala watuluka kale, akuthamanga cha kumsika.

Loweruka
Mzere wafika kunjanji! Ngakhale a ku komboni ya Natuseko abwera ndi mabotolo, ena ndi ndowa. Anyamata a chipani aima pakhomo. A bwana akugulitsa pa mtengo wa boma, akumwetulira ngati munthu wodwala dzino. Azimayi akandiona, nthungululu. Wina akufuula: "Ndi uyu! Mwana wa Zambia weniweni!" Ndikubisala kuchimbudzi.
Madzulo a bwana akundiitana. Sakukalipa, bola akadakalipa. Akungoti: "Lolemba ubwerere kumatumba. Kumeneko Chizungu sichifunika."

Lamulungu
Kutchalitchi ndikukhala benchi yakumbuyo, mutu pansi. Sizikuthandiza. Potuluka mkulu wa mpingo akundigwira chanza ndi manja awiri: "Mwaimira choonadi, mbale. Tipempherera ntchito yanu." Ndiwauze bwanji kuti ndimafuna kusangalatsa a bwana?
Kunyumba amake Dalitso sakundilankhula. Dzulo anafola kuyambira m'mawa, saladi n'kutha iwo atatsala pang'ono kufika pakhomo. Nyumba zonse za mzere wathu zikununkhira zokazinga. Kwathu ndi chibwabwa chowiritsa ndi mchere.
Ndadya. Ndathokoza. Mawa ndidzuke msanga, lole ya simenti imafika m'mamawa.