Moni wa Asewele Paphiri la Chipale

Amayi inu, tasiyani kaye kupinda mabulawuziwo, khalani pabelopa. Usiku wathawu ndinalota zoti mpaka pano nthiti zikundiwawa.

Paja mukudziwa kuti mwana wanga Lonjezo anakwatira ku Lesotho, ndipo mwezi wamawa akutitenga tonse, akwathu ndi akwawo kwa mkazi, kukapuma kumapiri komwe kumagwa chipale chofewa. Akuti kumeneko munthu amamanga matabwa awiri kumapazi n'kutsetsereka phiri lonse. Asewele anga, amayi ake a mtsikanayo, akuti amatsetsereka ngati akupita kumpopi. Nanga ine, woopa ndi simenti yokolopa yomwe? Ndikagwe chagada, chitenje m'mwamba, asewele akuona?

Ndiye ndinalota ndili pompano ndikutsegula belo. M'belomo munatuluka chijekete chonenepa chija chimene palibe amene amachifunsa mtengo, n'kutsokomola.

"Mayi Nankhoma, kumeneko ndiye kwathu. Ndivaleni, tikafune mphunzitsi."

Ndiye ndinachivala, zipi n'kudzikoka yokha mpaka pamphuno. Mwadzidzidzi tili m'minibasi ya ku Ndirande, koma ikukwera phiri loyera mbee, kondakitala akukuwa, "Lesotho, wotsala mmodzi! Amantha kumbuyo!" Abale onse ali momwemo, akuimba ngati tikupita kuchinkhoswe. Titangotsika, aliyense anavala matabwa, fyuu, wapita. Ngakhale achimwene anga a Fanuwelo, ndi bondo lawo lotupa lija, anatsetsereka uku akusenda nthochi. Ndinatsala ndekha.

"Ofesi ya maphunziro ndi iyo," chinatero chijekete, n'kuloza ndi mkono wanga womwe.

Ofesiyo inali m'kati mwa filiji. Ndinatsegula, n'kupeza bwana wa taye atakhala pakati pa mafirizesi.

"Munagwapo, mayi?"

"Ayi bwana, sindinakwerepo n'komwe."

"Pepani. Timaphunzitsa okhawo amene anagwapo. Kagweni kaye, mubwere ndi chipsera."

Akulankhula choncho khosi likufiira, taye ikulendewera, mwadzidzidzi bwana uja ndi nkhukundembo! Anandijompha pachipumi ngati akudinda chidindo, n'kunditumiza kushelefu yapansi. Kumeneko kunali mayi waulemu wa yunifolomu.

"Amantha ndimaphunzitsa ndine, bwerani," anatero. Koma diso limodzi linali pa ine, lina likuyang'ana kudenga, yunifolomu ikusintha mtundu. Birimankhwe, amayi! "Phunziro loyamba, kwezani mwendo. Eya. Tidzakumane chaka chamawa, tidzautsitse."

Ndiye ndinathawa chotsimphina mwendo uli m'mwamba, ndipo poti ndiuponde pansi, ndinapeza matabwa andigwira kale kumapazi. Si kukangana kwake!

"Ine ndinali benchi la kwaya," linatero lakumanja. "Tikupita kutchalitchi."

"Ine ndinali chitseko cha bala," linatero lakumanzere. "Uko sindipondako."

Lina uku, lina uko, miyendo yanga ikutanuka ngati sizasi. Ndinakuwa kuti, "Ana inu, mundigawa pakati!" Pomwepo chimkuzamawu chinalengeza phiri lonse kuti, "Mayi Nankhoma a kaunjika, mphunzitsi wanu wapezeka!" Nditatembenuka, amene akubwera ndi asewele. Bulangete paphewa, chipewa chosongoka, akuyandama pang'onopang'ono ngati mkwatibwi.

Ndinayang'ana pobisala. Koma mwambo ndi mwambo. Ndinagwira chigongono, n'kupinda mawondo kuti ndiwapatse moni. Kungopinda chabe, matabwa aja anasiya mkangano, n'kunena pamodzi, "Ehee, ndi mmenemo!" Fyuuu!

Amayi, ndinauluka! Mphepo m'makutu, duku lapita, koma moni sindinausiye.

"Muli bwanji, aseweleee?"

Iwo ali pambuyo panga, akuyankha Chichewa cha ku Dedza chenicheni. "Tili bwinooo, kaya inu anzathu?"

Ndikanyonyomala cha kumanja, ndikukhota. Ndikanyonyomala cha kumanzere, ndazemba mtengo. Ndinadutsa a Fanuwelo mpaka nthochi inawagwa m'manja.

"Kunyumba mwasiyako bwanjiii?"

"Kuli bwino, chimfine chabe! Nanga mvula kwanu?"

"Inadula msangaaa!"

Ndiye tinafunsana za ana, za nkhuku, za msana, za amene anamwalira ndi amene anabadwa, phiri likungowonjezera kutalika kuti moni usathere panjira. Mafirizesi anaima m'mbali akululutira. Ine kuseka, misozi ikuuma pamasaya n'kumagwa ngati mikanda. Ndinafika poimika mwendo umodzi, ine Nankhoma, n'kuvinako pang'ono.

Mwadzidzidzi ndikuona kumunsi kuli msika wathu uno, mabenchi onse, ndi inu a Nachisale mutayala madiresi anu oyera pakati penipeni pa njira.

"Asewele! Nanga poima amatani?"

"Aa, n'zosavuta zimenezo, anzanga. Mumangochita chonchi..."

Anandiyandikira, n'kutsegula pakamwa kuti andiuze, koma mawu amene anatuluka anali a bambo wa njinga uja amadutsa kuseri kwa nyumba yanga m'mawa uliwonse:

"Makalaaa! Makala ouma!"

Ndinadzidzimuka ndili chogwada pabedi, nditagwira chigongono, ndikupatsa moni wadiropu yanga ya zovala.