Deresi ya Esinati Ipita ku Chiromo

Lolemba

Chiperoni tsiku lachitatu. Tiyi yense ali mu nkhungu.

Wophika wa kwa Bwana akuti Loweruka kuli chionetsero ku Chiromo, m'mashedi a padoko: zosoka, zojambula, zosema. "Ngakhale zathu akulandira," akutero.

M'bokosi muli deresi yabuluu imene mkazi wanga Esinati anasoka asanadwale. Miyezi inayi tsopano chimwalirire. Sanaivalepo, ndipo palibe anaiona koma ine. Ndikufuna anthu aione. Basi.

Zofunika:
chilolezo kwa Bwana;
kulumikiza mkono wakumanzere umene anausiya;
kusita;
kupeza sitima ku Luchenza.

Zinayi zokha!

Lachiwiri

Bwana akulola Lachisanu ndi Loweruka. "Kapitawo, wayamba utelala?" Akuseka. Ndikusekako pang'ono, poti ndi Bwana.

Mkono ndikulumikiza ndekha. Ku mishoni anatiphunzitsa mitsinje ya ku Ulaya, singano ayi. Zala zitatu zabooka. Mkono walowa, koma ukuloza kumbuyo.

Lachitatu

A Meliya, akulu ake a Esinati, atulukira kuchokera ku Masambanjati. Amva kale!

"Alamu, sitinakusudzuleni. Za malemu ndi za mbumba, ngakhale singano imene mwagwirayo. Deresi siichoka pakhomo popanda mwini wake."

Mwini wake ndi iwo. Ndiye tikupita awiri.

Akumasula mkono uja osandifunsa, akuusokanso. Wawo ndi wowongoka. Koma ulusi wabuluu watha, agwiritsa wofiira.

Lachinayi

Simbi ndabwereka kwa wophika. Ndikupemerera, ndikusita mosamala, mosamala kwambiri. Khala limodzi lagwera pampendero. Bowo ngati diso la nkhuku!

A Meliya akuliyang'ana nthawi yaitali. "Mng'ono wanga anapirira zambiri."

Aikapo chigamba. Bokosi ndi lolemera, ndiye deresi taipinda m'dengu lakale lothyolera tiyi, pamwamba tavundikira ndi masamba a nthochi.

Lachisanu

Pansi mpaka ku Luchenza, m'matope. M'sitima a Meliya afungatira dengu pamiyendo. Ndikati ndilandireko, akutembenukira kuzenera.

Tikutsika mapiri, chiperoni chikutsala. Ku Chiromo mpweya uli ngati wa m'shedi yowumitsira tiyi. Shire ndi wamkulu kuposa mmene amanenera. Esinati ankafuna kudzamuona.

Loweruka

Mashedi awiri, pafupi ndi pokocheza sitima za pamadzi. Yoyamba ndi ya azungu. Ife tikuonera pakhomo, kuseri kwa chingwe.

Zimene ndaona:
maderesi a ku Ulaya atavekedwa pamitengo yopanda mitu;
chipewa chokhala ndi mbalame yakufa;
phiri la Mulanje lojambulidwa kasanu ndi kawiri, konse lili lofiirira;
mpando wopyapyala miyendo umene palibe akuloledwa kukhalira.

A Meliya: "Akazi a maderesiwo ali kuti? Kapena naonso anamwalira?"

Shedi yachiwiri ndi yathu: mphasa, miphika, zipande. Patebulo pali Dona wolandira zinthu, thukuta lili kamukamu. Ndikufunyulula deresi. Ndakonza mawu achingerezi kuyambira ku Luchenza. Sindinafike ngakhale pa dzina la Esinati.

"Ayi, ayi, izi tili nazo kwathu. Tikufuna zanu zenizeni."

Deresi akuikankhira pambali ndi pensulo. Kenako maso awo agwera padengu. Akulinyamula, akulitembenuza, akuitana anzawo awiri. Dengu la esiteti, lothimbirira, lonunkha masamba! Madengu otere Bwana ali nawo odzaza nyumba.

Aliika pakati penipeni, pansalu yoyera, ndi kapepala ka dzina langa. Masana alimangirira kansalu kofiira. Akuti lapambana. Anthu akundigwira chanza.

Deresi yakhala tsiku lonse m'khwapa mwa a Meliya.

Lamulungu

Lero kulibe sitima yokwera kumapiri. Sindinafunse Lachisanu. Mawa sindioneka pantchito, ndipo dengu la Bwana latsala m'shedi. Akuti lipita ku Blantyre.

Takhala pakhonde la siteshoni. A Meliya agamula: tikafika andisudzula, deresi aidula pakati, ituluke timaderesi tiwiri ta ana awo. Ndi mwambo. Sindikutsutsa.

Mayi wina wachisena wogulitsa nsomba zouma wakhala pafupi nafe. Wapempha kuiona. Wapukuta manja kawiri, waitembenuza kunja kukhala mkati. Mkono wofiira waupitirira, chigamba wachipitirira. Akutsata msoko wa m'khosi ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, mpaka kumapeto.

"Uyu anasoka ndani?"

"Mkazi wanga."

"Anali ndi dzanja."

Waipinda bwino kuposa ife, wabwerera ku nsomba zake.

Munthu mmodzi waiona. A Meliya akuyang'ana kumtsinje, akuti utsi wa sitima wawalowa m'maso. Padoko palibe sitima.