Mfuti Yosafuna Mafuta

Lolemba

Yafika! Ndi iyi pathebulo, m'kabokosi kake kakuda. Ndakaitenga ndekha kusitolo, mabasi awiri kuchokera kuno ku Woolwich, chifukwa satumiza pa positi, amafuna akuone nkhope. Pobwerera ndakhala m'basi chikwama chili pamiyendo, manja onse pamwamba pake, thukuta lili kamukamu chonsecho kunja kukuzizira.

Si ya moto ayi. Mapisitolo a moto kuno analetsa kalekale, ungafere kundende. Iyi ndi ya mpweya, ya mpikisano, yowombera chandamale cha pepala. Koma si chidole.

Zimene ndaona:
— Chogwirira cha mtengo, chosema motsata chikhatho. Ngati anachita kubwera kudzandiyeza.
— Magazini yolowa tizipolopolo tisanu ta mtovu. Ukawomba kamodzi kena kalowa kale kokha, iwe kwako n'kukoka chala basi.
— Kunsi kuli kabotolo ka mpweya, kokhala ndi kawotchi kosonyeza mmene wadzadzira.
— Fungo: palibe! Mfuti yanji yosamveka oyilo?
— Buku la malangizo, lonenepa, m'zilankhulo zambirimbiri. Ndalibweza m'bokosi. Ine ndiwerenge za mfuti? Ine?

Kwathu ndinakhala wapolisi zaka khumi ndi zinayi. Pa gulu lathu lonse, ndi amuna omwe, panalibe wondiposa pa pisitolo. Lero ndimasambitsa ndi kudyetsa okalamba kunyumba yowasamalira. Sindikudandaula, ntchito ndi ntchito. Chikundiwawa ndi Chisomo. Mwana wangayu anabwera kuno ali ndi zaka zitatu, pano ali ku yunivesite ku Greenwich. Pa Khirisimasi ndinamumva akuuza mnzake m'Chingerezi kuti amayi ake kwawo anali "ngati mlonda kapena chinachake." Mlonda! Ndinali kukhitchini, ndinangopitiriza kudula anyezi.

Loweruka kuli mpikisano ku kilabu yowombera imene ndinalowa miyezi itatu yapitayo, ndipo alendo amaloledwa kuonerera. Ndamuuza abwere. Wayankha kuti, "Okay Mum." Aone ndi maso ake, kamodzi kokha, kuti amake anali ndani.

Pulani: kuyeserera tsiku lililonse mpaka Lachisanu. Cholinga: nambala wani.

Lachiwiri

Shifiti yatha folo, sikisi ndili ku kilabu. Kilabu yake ili pansi pa mlatho wa njanji, sitima ikamadutsa makapu amavina. Mamembala ambiri ndi azibambo opuma pantchito, aliyense ndi fulasiki yake ya tiyi. Nditatsegula bokosi onse aunjikana. Bambo Keith, mkulu wa kilabu, aipempha kuti angoigwira, ndipo aibweza mochedwa.

Chipolopolo choyamba: kudenga.

Vuto ndi kachitsulo kokhethemulira. Ya kupolisi ija unkachita kukoka ndi mphamvu ngati geti yadzimbiri. Iyi ukangoganiza zowomba, yawomba kale. Aliyense wayang'ana kumwamba, kenako wayang'ana tiyi wake. Anthu akuno ulemu wawo umapweteka kuposa kukuseka.

Vuto lachiwiri: maso. Ndikavala magalasi owerengera ndikuona tizitsulo tochalira, chandamale sindikuchiona. Ndikavula ndikuona chandamale, tizitsulo tasanduka utsi. Bambo Keith akuti ndiyang'ane kachitsulo kakutsogolo kokha, chandamale chisiyeni chikhale mbuu. Ndikudziwa bambo, zimenezo ndinkaphunzitsa ndine. Sindinanene. Ndangoti zikomo.

Kenako zatheka. Tha, tha, tha, tha, tha! Zisanu zonse pakuda, mabowo ogundana. Siyikankha dzanja, siyilumpha, siyisokosa. Imangopita kumene waiuza. Chibadwire sindinagwirepo chinthu chomvera chonchi.

Ndatsitsa mfuti, ndaima pamenepo. Ndakumbuka bwalo lathu lowombera kwathu, fumbi lofiira, phiri kumbuyo kwa zandamale, fungo la wonga lokhala m'malaya mpaka mawa, makutu ali ngwii tsiku lonse, anyamata akunong'onezana kuti mayi uyu ngoopsa. Ndasowa kwathu lero, ndasowa koopsa. Ndadzisowanso ndekha.

Potuluka bambo Keith andichenjeza kuti mfuti zamtunduwu sazimasula ndipo sazithira kanthu, kungopukuta kunja ndi kansalu basi. Ndamva bwinobwino. Ulesi wa kuno! N'chifukwa chake zawo zimaoneka zotuwa.

Lachitatu

Ndili ofu. Tsiku lotsuka mfuti.

Ku sukulu ya apolisi sajeni wathu ankayendera mfuti m'mawa uliwonse. Akaipeza youma, unkazungulira bwalo utainyamula pamwamba pa mutu mpaka miyendo ikane. Ankati fumbi ndi chinyezi zimadya chitsulo, ndipo wapolisi wosathira mafuta mfuti yake asadzatchule dzina lake kulikonse. Anamwalira kalekale koma mawu ake ndimawamvabe.

Ndayala nyuzipepala pathebulo. Ndamasula chilichonse chomasuka, ndi zina zosafuna kumasuka. Mayo ine, m'katimo gwa! Kouma ngati chikonyo. Mfuti yokongola chonchi, yochokera kutali, osaipatsa ngakhale dontho. Ndamva chisoni.

Oyilo wa mfuti ndilibe, koma wa makina osokera alipo m'dirowa. Kwathu zikavuta tinkagwiritsa yemweyo. Ndathira paliponse. Timphira tozungulira takuda ta m'katimo ndatinyika ndithu, timaoneka taludzu kwambiri. Ndamanga. Palibe chatsala pathebulo. Tsopano ikunyezimira, ikununkhira ngati mfuti.

Kenako kupopa mpweya. Pampu yake ili ngati ya njinga koma yolimba mwankhanza, umachita kuigwera ndi thupi lonse. Ndapopa mpaka mayi wa pansi wagogoda denga lake ndi tsache. Mapewa akuyaka.

Chisomo wayimba. Mafunso ake atatu: kodi n'zololedwa, kodi sindidzipweteka, ndipo mpikisano utenga nthawi yaitali bwanji chifukwa Loweruka madzulo ali ndi phwando la mnzake ku Wembley. Ndamuuza kuti ola limodzi lokha. Ola limodzi likwanira.

Ku kilabu sindinapite. Dzanja silikukwera.

Lachinayi

M'mawa kukumveka kaphokoso m'nyumba. Sssss.

Ndanunkhiza kuka yophikira. Ndapaka sopo pa paipi ya gasi. Ndazimitsa firiji, ndayatsanso. Ndatsegula mawindo onse, kuzizira kwake! Ndafika poganiza za njoka, pansanjika yachinayi, ku London. Basi yandisiya, ndafika kuntchito mochedwa.

Popereka tiyi kapu ikunjenjemera pa sosala. Gogo Margaret a m'chipinda chakumapeto, amene amaiwala dzina la mwana wawo, andigwira dzanja n'kundiuza kuti ndikhale pansi, ndikuoneka wokalamba lero. Zikomo gogo.

Madzulo ndapeza njoka ija. Ili m'kabokosi kakuda. Muvi wa kawotchi watsika mpaka pakati, ine osawomba ngakhale kamodzi.

Ndaganiza mofatsa ngati munthu wodziwa ntchito. Chikutuluka mpweya n'chiyani? Mpata. Mpata umatsekeka ndi chiyani? Mafuta. Ndiye kuti dzulo ndinaumira. Ndamasulanso, ndathira mowolowa manja. Timphira tija taoneka tonenepako, tofewa. Ndati eya, tayamba kukhuta.

Ndapopanso. Tsache lagogodanso.

Ku kilabu: ayi. Cholinga chasinthako pang'ono: kukhala m'gulu la atatu oyamba. Nambala fili nayenso amamuombera m'manja.

Lachisanu

Mnzanga wadwala, andipempha ndipitirize shifiti mpaka eyiti. Kuyeserera komaliza kwapita. Sabata yonse ndawomba tsiku limodzi.

Pa nthawi yopuma ndayeserera m'chipinda chochapira, ayironi ili m'dzanja, kuchalira chotsekera chitseko. Ndafika masekondi asanu, phewa lalira. Abwana alowa, andiyang'ana, afunsa ngati zonse zili bwino kunyumba.

Zofunika mawa:
— mankhwala opaka paphewa
— magalasi, onse awiri
— bulauzi yabuluu ija
— kudya pang'ono, tiyi kapu imodzi basi
— osalankhula zambiri, mfuti ilankhule yokha

Ikulankhula kale. Sssss ija tsopano ikumveka ndili kubafa. Buku la malangizo ndalitulutsa, ndaliyang'ana pachikuto, ndalibwezamo. Mawa ndipopa ndisananyamuke, ifika.

Chisomo watumiza uthenga kuti afika thuu koloko. Ndauwerenga kanayi. Ndikumuona ataima kumbuyo kwa chingwe cha alendo, ine nditaima chammbali, dzanja lamanzere m'thumba, msana uli chilili. Sanandionepo nditaima choncho. Amandidziwa nditawerama, pa bedi la munthu, pa sinki, pa zikwama za kumsika.

Cholinga: bola osakhala womaliza.

Loweruka

Chisomo wabwera. Pa nthawi yake, ndi jekete yake yaikulu ija, wakhala pampando wapulasitiki pakati pa akazi awiri a mamembala amene akuluka. Wandikwezera chala chachikulu. Mtima wanga uli phaphapha ngati tsiku lomaliza maphunziro.

Mzere wathu tili anthu asanu ndi mmodzi. Bambo Keith apereka chizindikiro. Ndaima bwino, zimenezo zokha palibe angatsutse. Ndakweza dzanja, phewa ndaliuza kuti likhale chete. Ndachalira. Ndakhudza kachitsulo.

Fyuu.

Kachipolopolo katuluka mwaulesi, kagwa pansi kasanafike n'komwe, kagubuduka. Kachiwiri kafika, kagunda kunsi kwa pepala n'kusiya dontho la mafuta. Kachitatu kakana kutuluka. M'malo mwake mfuti yayamba kulira mokweza, sssss, holo yonse, ndipo kwatuluka kankhungu konunkhira makina osokera. Bambo wa kumanja kwanga wayetsemula, waphonya.

Bambo Keith aimitsa mpikisano. Anditengera pathebulo lakumbali, afunsa mwaulemu ngati ndathiramo kanthu. Ndati ndangoisamalira. Kuti aone okha mmene m'katimo mukuwalira, ndaimasula pomwepo. Manja achita okha, ine maso ali pa iwo, ndikufotokoza. Kanthawi kochepa zonse zili ndandanda pa thawulo, chachikulu kumanzere, chaching'ono kumanja, monga tinkayalira pa inisipekishoni.

Bambo aja nkhope yayera kuposa kale. Anyamula kamphira kamodzi, kali lendelende ngati thelele. Akuti oyilo wotere amadya mphira, ndiponso akakumana ndi mpweya wopanikizika amatha kuyaka m'kati, ndithokoze Mulungu kuti ndili ndi zala zonse. Akuti zalembedwa patsamba loyamba la buku, m'zilembo zofiira. Ndati ndaona.

Pa bolodi dzina langa lili pansi penipeni, kutsogolo kwake kamzere. Ngakhale ziro sanandipatse.

Tanyamuka ndi Chisomo kupita ku siteshoni. Ine bokosi lopanda mfuti m'manja, manyazi ali tho. Ndikufuna kumuuza kuti Lachiwiri zinalowa zonse zisanu, koma zikumveka ngati nkhani zomwe zija za amayi. Tili pa pulatifomu iye wayamba yekha, m'Chichewa chake cholemera lilime chija:

"Mum, zija munaphunzira kuti? Simunayang'ane n'komwe."

Ndati, "Ndakhala ndikukuuza, mwanawe."

Wati ankaganiza kuti ndinkangokhala pa desiki. Amafuna kufunsa china, ndinaona pakamwa pake, koma sitima yake yafika. Wandipsompsona patsaya, wathamangira ku Wembley.

Lamulungu

Kutchalitchi ndapita, nyimbo ndaimba, dzanja lamanja osakweza. Mfuti ndaisiya kwa bambo Keith, akaipereka kwa katswiri. Akuti milungu ingapo, mwina miyezi. Andipempha kuti ikabwera ndisadzaikondenso kwambiri.

Buku ndawerenga. Tsamba loyamba, zilembo zofiira, zilipodi.

Masana uthenga wa Chisomo: kodi ndili ndi chithunzi nditavala yunifolomu ya polisi? Akufuna aone.

Ndakhuthula masutikesi onse, maenvulopu a ma viza, Baibulo lakale, chitini cha mabisiketi. Zithunzi za ubatizo wake zilipo, za sukulu yake chaka ndi chaka zilipo. Changa palibe. Pobwera kuno ndinanyamula zake zokhazokha, zanga ndinati ndidzazitenga ulendo wina.

Ndayimbira mng'ono wanga Esinala ku Ntcheu. Akuti thiranki yanga ija chiswe chinalowamo chaka cha mvula yambiri, mapepala onse anasanduka dothi, yunifolomu anakolezera moto. Anaopa kundiuza. Chatsala n'chitsulo cha lamba chokha, ana amaseweretsa. Ndamuuza achilande, achitsuke, achijambule.

Chithunzi chafika. Kachitsulo kadzimbiri pachikhatho cha Esinala, kumbuyo kukuoneka nkhuku ndi khonde la amayi. Ndachiyang'ana nthawi yaitali. Ndamutumizira Chisomo, ndalemba kuti: ichi chinali changa.

Wawerenga. Foni ikusonyeza kuti akulemba. Wasiya. Akulembanso.

Tiyi wazizira, koma sindikuchoka pampando.